Linux Mint pa laputopu ya kaunjika: zomwe ndaona patapita miyezi

Laputopu yanga ndi ThinkPad T460 yomwe ndinagula ya kaunjika. Ili ndi purosesa ya Intel Core i5 ya m'badwo wa 6 komanso RAM ya 8GB, ndipo kiyibodi yake ndi yabwino kwambiri kwa munthu wotayipa tsiku lonse ngati ine. Windows 11 imafuna purosesa ya m'badwo wa 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo, pamodzi ndi kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, choncho makina angawa sanali pamndandanda. Popeza Microsoft inali italengeza kale kuti chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chidzatha pa 14 Okutobala 2025, ndinafunika kusankha: kugula ina, kupitiriza ndi yosatetezedwa, kapena kuyesa Linux. Ndalama zogulira ina panalibe. Ndinaika Linux Mint 22.1 chakumayambiriro kwa 2025, ndipo 22.2 itatuluka mu Sepitembala ndinakweza osafufuta kalikonse.

Kwa amene simunaimvepo, Mint ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta monga mmene Windows ilili, koma ndi yaulere, ndipo aliyense wodziwa akhoza kuwerenga mmene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira anzake popanda kuphwanya lamulo. Anaiyambitsa ndi Clément Lefèbvre wa ku France mu 2006, ndipo anaimanga pamwamba pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ija inayamba mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mitundu yonse ya 22 yakhazikika pa Ubuntu 24.04 ndipo izilandira zokonza zachitetezo mpaka 2029. Chimenechi ndicho chinandikopa poyamba: zaka zinanso zinayi pa makina omwe ndinali nawo kale.

Maganizo anga panopa ndi awa. Ndikakhala ndekha ndi kompyuta yanga, Mint ndi yabwino kuposa china chilichonse chomwe ndagwiritsapo ntchito. Mavuto ake amayambira pomwe ntchito yanga yakumana ndi ya anthu ena, ndipo mavuto amenewo si ongopeka.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa ndi zomwe zandisunga. Kompyutayi siichita zinthu mondibisira. Ma update akafika, kachizindikiro kooneka ngati chishango pansi kudzanja lamanja kamangosintha, basi. Ndikatsegula ndimaona mndandanda wonse, chilichonse ndi kukula kwake, ndipo ndine ndimasankha tsiku ndi nthawi. Kwa munthu wogula bandulo ya data ndi ndalama za m'thumba, ichi si chinthu chaching'ono. Ndimadikira ndipite pomwe pali Wi-Fi kapena ndigule bandulo yausiku. Sindinayambe ndatsegulapo laputopu pamsonkhano n'kupeza ikundiuza kuti ndidikire imalize zake. Ndikalumikiza foni ya Android ndi kebulo n'kuyatsa USB tethering, intaneti imabwera nthawi yomweyo popanda kuika dalaivala aliyense. Maonekedwe a desikitopu ya Mint, otchedwa Cinnamon, nawonso sasocheretsa: menyu ili pansi kumanzere, wotchi kumanja, mafoda pomwe mumawayembekezera. Mlamu wanga, yemwe sanaonepo Linux, anabwereka laputopuyi kuti alembe kalata yofunsira ntchito ndipo anangofunsa kuti Word ili pati.

Chachiwiri ndi nkhani ya mafulashi. Aliyense amene amapita kumalo opangira fotokope ndi kuprinta amaidziwa vayirasi ija imasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut. Vayirasi yamtunduwu inapangidwira Windows, ndipo pa Mint siidzuka n'komwe. Tsiku lina mayi wina wa m'komiti yathu anabwera nkhope ili yakugwa, akuti maminitsi onse a chaka afufutika. Nditalowetsa fulashi yawo, zonse zinaoneka poyera: timafayilo tothera ndi .lnk, kena kothera ndi .vbs, ndi foda ina yomwe inabisidwa. M'fodamo ndi mmene munali maminitsi onse, osasowa ngakhale tsamba. Ndinawakopera panja, n'kufufuta zonyansazo, fulashi n'kuifomata. Chongokumbukira n'chakuti Mint siyeretsa yokha. Mukasiya timafayiloto pafulashi, mudzakapatsira mnzanu wa Windows ngakhale inu simunadwale.

Palinso Timeshift, yomwe imajambula mmene dongosolo la kompyuta liliri kuti zikasokonekera mubwerere pomwe zinali bwino. Ndinaigwiritsa ntchito mawu atasiya kumveka pambuyo pa update ina, ndipo patangopita mphindi zochepa zinthu zinabwerera mwakale. Koma siisunga zolemba zanu ndi zithunzi pokhapokha mutaiuza, ndipo imadya malo ambiri pa diski yaing'ono.

Tsopano ku mawu akuti "yaulere". Pulogalamuyi simulipira, zoona, koma intaneti mumalipira. Fayilo yoikira Mint ndi pafupifupi 3GB, ndipo mukangomaliza kuika mumapeza ma update mazanamazana a MB akudikira. Chomwe chimadya data mosayembekezeka ndi Flatpak. Mu Software Manager, momwe mumatengera mapulogalamu, ambiri amapezeka m'njira ziwiri, ya "System Package" ndi ya Flatpak yochokera ku Flathub. Ya Flatpak imakhala yatsopano, koma imabwera ndi katundu wake yense woti iziyendera. Kapulogalamu kakang'ono kakhoza kupempha mazana angapo a MB ulendo woyamba, ndipo katunduyo amafunanso ma update ake. Zili ngati kugula thumba lonse la makala pofuna kuwiritsa kapu imodzi ya tiyi; otsalawo mudzagwiritsa ntchito mawa, koma lero mwalipira. Omwe ali kumaiko komwe intaneti ya panyumba ilibe malire saliona vutoli. Ine masiku ano ndimayang'ana kaye kukula ndisanadine, ndipo ndimasankha System Package paliponse pomwe ilipo. Chinanso chothandiza n'kulowa mu Software Sources n'kusankha seva yapafupi. Za ku South Africa ndi ku Kenya zilipo, ndipo pulogalamuyo imayeza yokha liwiro la iliyonse.

Kusankha System Package kuli ndi mtengo wake: mumakhala ndi zakale. Mint 22 imabwera ndi LibreOffice 24.2 yolembera zikalata, ndipo GIMP, yokonzera zithunzi, ya m'nkhokwe yake ndi 2.10 ngakhale GIMP 3.0 inatuluka mu Malichi 2025. Amachita dala kuti zinthu zisamasinthesinthe, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Wina wofuna zatsopano nthawi zonse zimuwawa.

Vuto lalikulu kuposa onse ndi zikalata. Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amabwerera ku Windows. Microsoft Office ilibe mtundu woika pa Linux. Mint imabwera ndi LibreOffice, yomwe imatsegula ndi kusunga mafayilo a .docx ndi .xlsx, ndipo pa kalata wamba kapena lipoti lopanda zokongoletsa zambiri simuona kusiyana. Koma fomu yochokera kwa opereka thandizo kapena ku ofesi yaikulu, yodzaza matebulo, timabokosi tochongamo ndi malo osainira, imatha kusuntha. Mzere umodzi ukatsikira patsamba lotsatira, tebulo limaduka pakati, malo osainira n'kukhala okha patsamba lopanda kanthu. Woilandira saganiza za mapulogalamu. Amaganiza kuti ndinu wosasamala.

Gwero lake nthawi zambiri ndi mafonti. Zikalata zambiri za Word zinalembedwa ndi Calibri kapena Cambria, omwe ndi a Microsoft ndipo sapezeka pa Mint. Mwamwayi pali Carlito ndi Caladea, mafonti aulere omwe zilembo zake zinapimidwa kuti zifanane m'lifupi ndi awiriwo, monganso Liberation imalowera m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Onetsetsani kuti alimo. Ngati mulibe, amapezeka mu Software Manager ndipo ndi aang'ono. Nditawaika, kusuntha kwambiri kunatha. Kwatsala zikalata zolembedwa ndi Aptos, fonti yomwe Office yatsopano inatenga m'malo mwa Calibri, ndipo izi zimasunthabe kwa ine. Mafayilo a Excel okhala ndi ma macro, timapulogalamu togwira ntchito tokha m'kati mwa fayilo, nawonso ndi mwayi: ena amayenda, ena amangokhala chete. Njira yanga tsopano n'kutumiza PDF paliponse pomwe wolandirayo safunika kusintha kanthu. Fomu yoti ibwerere ili .docx ndimaitsegulanso pa Word ya pa intaneti ndisanatumize, zomwe zimafunanso data ndi netiweki yabwino. Zimatheka, koma ndi ntchito yowonjezera yomwe mnzanga wa Windows alibe.

Mapulogalamu ena kulibiretu. Photoshop ndi CorelDRAW, omwe anyamata opanga makadi aukwati ndi maposita amadyera, sapezeka. GIMP ndi Inkscape ndi zamphamvu ndithu, koma munthu amene manja ake anazolowera kwina sangaphunzirenso pakati pa oda ya kasitomala. WhatsApp mumaitsegula pa burawuza, Teams chimodzimodzi. Zoom, Chrome ndi VLC zilipo ndipo zimayenda bwino.

Maprinta ali pawiri. Atsopano ambiri amangodzionekera okha mukalumikiza, popanda CD kapena kudawuniloda kanthu, ndipo izi zinandisangalatsa kwambiri. Koma kuofesi kwathu kuli printa yakale ya laser, ya mtundu uja sufa msanga, yomwe imadalira dalaivala wapadera. Ndinatsatira malangizo ataliatali pa terminal, pomwe mumalamula kompyuta potayipa mawu, inaprinta kwa kanthawi, kenako inayamba kumangolandira ntchito osatulutsa pepala. Panopa ndikafuna kuprinta pamenepo ndimasunga PDF pafulashi n'kupita pakompyuta ina. Musanasamuke, yesani printa ndi sikana yanu Mint ikuyenda kuchokera pafulashi. Zimatheka popanda kuika chilichonse pa diski, ndipo pomwepo mudzaonanso ngati Wi-Fi ikugwira, chifukwa malaputopu ena amafuna dalaivala wowonjezera kudzera mu Driver Manager.

Nkhani ya magetsi nayo ndiitchule. Batire ya laputopu ya kaunjika imakhala yotopa kale, ndipo kwa ine Mint siinaiwonjezere moyo. Ndikuona ngati imatha msanga pang'ono kuposa kale, ngakhale kuyambira 22.1 pali posankha kuti makina azisunga mphamvu. Hibernate, ija imasunga zonse pa diski n'kuzimiratu, siibwera yoyatsidwa, ndipo kuiyatsa si ntchito ya munthu wongoyamba. Kwa ife omwe magetsi amatha kuthima maola ambiri, ichi n'chosowa chenicheni. Akathima ma update ali pakati batire n'kutha, mukhoza kupeza Update Manager ikukana kupitiriza. Mankhwala ake ndi mzere umodzi pa terminal, sudo dpkg --configure -a, koma muyenera kuudziwa kapena kukhala ndi foni yofufuzira.

Apa ndi pomwe pali chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mafonti: thandizo lapafupi. Windows ikavuta, wokonza makompyuta ali pakona iliyonse ya tauni. Ambiri mwa iwo akaona Mint amati, "Bwana, tingofomata tiike Windows." Sindikuwanena, amagwira ntchito ndi zomwe makasitomala amabweretsa. Koma zikutanthauza kuti wokonza wanu ndinu nokha, ndipo mayankho ali pa intaneti m'Chingerezi, nthawi zina Chingerezi cha akatswiri. Zinthu za tsiku ndi tsiku sizifuna terminal n'komwe, ndimatha milungu osaitsegula. Koma tsiku lomwe chinthu chathyoka, mumaifuna. N'chifukwa chake sindinaike Mint pa laputopu ya achemwali anga omwe amakhala kutali nane, ngakhale makina awo ndi ofooka kuposa anga ndipo akanapindula kwambiri. Sindingawasiyire chinthu chomwe palibe wowathandiza pafupi.

Mamenyu ake mulibe Chichewa, ndipo izi zimandikhudza chifukwa pa pulogalamu yotseguka ngati iyi palibe wotiletsa kumasulira. Ndife eni chilankhulo amene sitinakhalepo pansi. Kutayipa kokha ndiye kulibe vuto. Amene mumalemba ŵ, sankhani batani loti likhale Compose mu Keyboard settings, kenako dinani Compose, ^ ndi w motsatizana.

Ndiye ndani asamuke? Wophunzira, mphunzitsi, mlembi wa mpingo kapena wa kabungwe, aliyense amene ntchito yake ndi burawuza, kulemba, ma spreadsheet wamba ndi kuonera mavidiyo, makamaka ngati makina ake sakulandiridwa ndi Windows 11. Mint imati 2GB ya RAM ndi yokwanira kuyambira koma 4GB ndiye yabwino. Ngati muli ndi 4GB kapena yochepera, tengani mtundu wa Xfce womwe ndi wopepuka kuposa Cinnamon. Makina akale kwambiri a 32-bit sayendetsa Mint 22. Wojambula makadi, wowerengetsa ndalama wodalira ma macro kapena pulogalamu ya akaunti ya Windows yokha, ndi amene amatumizirana mafomu ovuta tsiku ndi tsiku, asafulumire, kapena aike zonse ziwiri pa kompyuta imodzi n'kumasankha poyatsa. Laputopu yanga ikhalabe pa Mint. Kompyuta ya kuofesi, ija yolumikizidwa ku printa yakale, ndapempha akomiti kuti tisaikhudze mpaka titapeza ndalama ya printa ina.