Miyezi 9 ndi ma frag a coral aja, nazi zomwe ndaona

Dzulo achimwene ena akwathu ku Mangochi, omwe timapemphera nawo ku Rosettenville, anandifunsa pa WhatsApp kuti "timakoralo munagula mu Okutobala tija tikadali moyo? Nanenso ndikufuna ndiyambe." Ndinayamba kuyankha koma uthenga unangotalika, ndiye ndati bola ndilembe bwinobwino kuti ena ofuna kuyamba awerengenso.

Thanki yanga ndi ya malita 120, ndimasungamo nsomba ndi ma coral, tizamoyo ta m'nyanja yamchere tomera pamiyala. Ife akunyanja tinazolowera mbuna ndi utaka, madzi opanda mchere, koma izi ndi zina ndithu. Kuno ku Joburg nyanja yamchere ili kutali, ku Durban ndi makilomita oposa 500, ndiye madzi umapanga wekha, madzi a RO (osefedwa kwambiri ndi makina) kuthira mchere wogula, kuyeza ndi refractometer, kachipangizo koyezera mchere m'madzi, mpaka afike pa 1.025. Ma frag ndinagula kwa bambo wina wa ku Edenvale amene amadula ma coral ake mu garaja n'kumagulitsa kwa ife oyamba kumene. Frag ndi kachidutswa ka coral chabe, ngati chikhadabo cha chala chachikulu, komata ndi super glue pa kamwala. Mitundu ya ma coral yomwe ndinatenga ndi green star polyps, pulsing xenia, Kenya tree ndi mushroom awiri pa R400, coral ina imodzi yotchedwa zoa anangondiikira ngati basela.

Zoti ndi olimba sananame. Mushroom anali awiri, pano alipo 11, safuna kuwala kwambiri, ali pansi pakona mbali yamthunzi. Kenya tree imagwetsa tinthambi, tikakamira pamwala n'kumera tokha. Xenia ndi yomwe ana amakonda, timanja take timatsekula n'kutseka tsiku lonse ngati ikuwomba m'manja. Zoa ikukula pang'onopang'ono ndipo sindiigwira opanda magolovesi, chifukwa mitundu ina ili ndi poizoni wotchedwa palytoxin, woopsa zedi. Mwala wa m'thanki osauwiritsa pamoto, nthunzi yake imadwalitsa nyumba yonse.

Koma chomwe chandisowetsa tulo ndi aiptasia. Patatha masabata atatu ndinaona kanthu kabulawuni pansi pa kamwala ka zoa, kooneka ngati kaduwa kagalasi kokhala ndi tizingwe. Ndinasangalala, ndimati coral ina yaulere. Ndikakayandikira ndi chala kamalowa m'bowo mwachangu. Nditatumiza chithunzi kwa anzanga osunga nsomba anati achimwene chotsani msanga, imeneyo ndi aiptasia, anemone yowononga, kachamoyo ka m'nyanja ka tizingwe toluma, imaluma ma coral oyandikana nayo. Ine ndinatenga mpeni n'kuikanda pamwala, osadziwa kuti kachidutswa kalikonse kotsala kamamera n'kukhala ina. Pofika Januwale ndinawerenga 14, ina m'mbali mwa galasi, ina mkati mwa fyuluta momwe dzanja silifika. Zoa mbali imodzi inatsekeka osatsekulanso, mtima unandiwawa chifukwa inali itangoyamba kuonetsa mtundu wake walalanje uja.

Ndinayesa madzi a mandimu ndi jakisoni, usiku ndi tochi, mapampu nditazimitsa. Umabaya pakamwa pake isanathawe, imafota, ukaona mawa palibe, sabata yamawa yatulukira pena. Phala la kalkwasser, ufa wa laimu, linachitako bwino pa zazikulu koma ukathira lambiri pH, muyezo wa asidi m'madzi, imakwera, ndiye ndimapha zitatu zokha patsiku. Mwezi wa Febuluwale ndinatsala pang'ono kugulitsa thanki yonse, ndinali nditatopa, ndikubwera kuntchito usiku kenako kugwada pansi ndi jakisoni.

Ndinawaimbira bambo aja ndili wokwiya ndithu. Poyamba anati mwina aiptasia yachokera pa miyala yanga, ndinawauza kuti miyala yanga ndinagula youma, munalibe chamoyo. Anakhala chete pang'ono kenako anavomera kuti thanki yawo imodzi inali nayo nthawi imeneyo ndipo kuviika frag mu dip, mankhwala ophera tizilombo, sikupha aiptasia. Ndinakondwa kuti sanapitirize kukana. Loweruka lake anandipatsa peppermint shrimp ziwiri osalipira, tinyama ta m'nyanja timene timadya aiptasia. Sabata yoyamba sizinachite kanthu, zimangobisala ndi kudya zotsala za nsomba, anandiuza ndichepetse chakudya. Kenako ti aiptasia tating'onoting'ono tinayamba kusowa usiku. Pano ndatsala ndi ziwiri zazikulu zomwe shrimp sizikuzikhudza, komanso ya m'fyuluta ija.

Ndalama yeniyeni siili pa ma frag ayi. Madzi amayenera kukhala pa madigiri 25 kapena 26, ndiye chisanu cha Juni ndi Julayi kuno mukuchidziwa, heater imangoyaka usiku onse, mayunitsi a magetsi akutha msanga kuposa kale. Usiku wina magetsi anazima maola asanu, m'mawa madzi anali pa 21, xenia itagona ngati masamba ofota. Ndinakuta thanki ndi bulangeti, n'kuika mabotolo a madzi otentha oyandama, patatha masiku anayi inadzuka. Kuchokera pamenepo ndinagula ka air pump ka batire, kenako heater yoyamba inafa ndinagulanso ina. Onjezerani mchere, ma test kit, mafyuluta a RO. Ndikawerengera, R400 ija ndi kadontho chabe.

Chomwe chandibwezera mtima ndi green star polyps. Imayala ngati kapinga, mphasa yake yapepo kukwera mwala ndi galasi lomwe, ndinachita bwino kuiika pamwala wayokha monga anandilangizira, apo ayi ikanakuta zonse. Mwezi watha ndinasenda zidutswa zisanu ndi chimodzi ndi lezala, kumata pa timiyala, bambo aja anandilandira zinayi n'kundipatsa ka coral kamodzi ka toadstool leather ndi mchere pang'ono. Kwa iwowo ndidzagulanso, koma frag iliyonse ndimayamba ndaichotsa pa kamwala kawo n'kuimata pa kanga, kenako milungu inayi mu kathanki kapadera.

Achimwene aja ndawauza agule kaye heater yabwino ndi pampu ya batire, thanki ikhazikike mwezi ndi theka. Ikakonzeka abwere ndi kontena, ndiwapatsa star polyps ndi mushroom awiri ulere, ochokera mbali yomwe kulibe aiptasia, ndipo tidzaziyang'ana limodzi ndi tochi asananyamule.