Wulu wa m'sitolo, wa pamsika, kapena wosomola juzi ya kaunjika?

Chiperoni chikangoyamba kuwomba kumapeto kwa Meyi, foni yanga sipuma. Uyu akufuna chipewa cha mwana, uyu shawelo yotulukira kuchipatala, winayo juzi ya sukulu poti ya chaka chatha manja afupika. Anzanga oluka nawo funso lawo ndi lomwe lija: ulusi mukuupeza kuti masiku ano? Ine ndagulako konse kutatu, m'masitolo a ku Limbe, pamabenchi a mumsika, ndi pamulu wa kaunjika, ndipo kulikonse kunandipatsa phunziro lake.

Tonse timangoti "wulu", koma wambiri umene uli pashelefu sunaonepo nkhosa. Ndi acrylic, wopangidwa m'fakitale kuchokera ku mafuta apansi, m'bale wake wa pulasitiki. Mukakayika, dulani kachidutswa muyatse ndi machesi panja. Acrylic amayaka msanga, amasungunuka, n'kusiya kabulunga kakuda kolimba. Ubweya weniweni wa nkhosa umanunkha ngati tsitsi lopserera, moto umazima wokha, ndipo chotsalacho chimafumbutuka mukachipsinja ndi zala. Wa thonje umanunkha ngati pepala n'kusiya phulusa lotuwa. Izi si zongosewera, tikafika pa nkhani ya mbaula muona chifukwa chake.

M'sitolo, chimene mukulipira kwenikweni ndi kapepala kozungulira mpukutu kaja. Ambiri timakang'amba n'kukataya tisanakawerenge, chonsecho ndi kamene kamanena zonse: kulemera kwa mpukutu, kutalika kwa ulusi, kukula kwa singano zoyenera, kachapidwe, ndi nambala ziwiri, ya mtundu ndi ina yolembedwa kuti Lot. Yachiwiriyi imasonyeza mipukutu imene inanyikidwa mu utoto nthawi imodzi. Ine ndinaidziwa mochedwa. Ndinkalukira mdzukulu wanga woyamba shawelo yoyera, ndinagula mipukutu itatu poganiza kuti ikwana. Inatha nditatsala ndi mphonje zokha. Nditabwerera, mnyamata wa pakauntala anati, "Amayi, woyera ndi woyera basi, tengani uwu." Ndinatenga. M'nyumba usiku sizinkaoneka, koma tsiku limene mpongozi wanga anaiyanika pachingwe, aliyense wodutsa ankaona pamene ulusi watsopano unayambira. Pakati mbee, m'mphepete ngati mkaka wogona. Chiyambire tsikulo ndimagula wokwanira ntchito yonse kamodzi, ndi mpukutu umodzi wapamwamba, ndipo ndimatembenuza uliwonse kuona Lot ngakhale ogulitsa andiyang'ane ndi diso lotopa.

Kapepalako kamathandizanso poyerekeza mtengo. Mipukutu iwiri ikhoza kukhala ya magalamu 100 yonse, koma wina uli ndi mamita pafupifupi 300 pamene wina sukufika ndi 250 omwe. Juzi imadya mamita, sidya magalamu. Wotchipa uja ukakhala waufupi, mupezeka mwagula isanu ndi umodzi pamene mnzanu wagula isanu.

Makulidwe amene mungakumane nawo kawirikawiri ndi atatu. 4 ply ndi wowonda, wa tizovala ta khanda, umafuna singano za 3.25mm ndi mtima wodekha. DK ndi wapakatikati, ndiye wa ntchito zonse, singano za 4mm, ndipo nthawi zambiri masitichi 22 amakupatsani masentimita 10. Chunky ndi wonenepa, singano za 6mm kapena kuposerapo, chipewa chimatha usiku umodzi koma ulusi umapita ngati madzi. Wongoyamba kumene agule DK wa mtundu wowala. Wakuda masitichi saoneka, makamaka magetsi akathima mukulukira pa kandulo.

Vuto la m'sitolo ndi thumba. Ulusi wolukirawu ndi katundu wochokera kunja, choncho kwacha ikagwa umakwera nawo. Itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ambiri tinayamba kuwerenga mipukutu ngati mazira. Ndipo mtundu umene mwaupeza lero si kuti muupezanso mwezi wamawa. Amene muli ndi abale ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ulusi wotchedwa Elle ndi wa ku South Africa komweko ndipo suvuta kupeza. Muwatumizire chithunzi cha kapepala, osati kungowauza kuti "wabuluu", chifukwa abwera ndi buluu wa kukhosi kwawo.

Pamsika sindichedwapo. Timipukutu take n'tating'ono, mitundu yake yowala bwino, ndipo ukhoza kugula kamodzi kokha ndi ndalama yotsala pogula ndiwo. Pa madoilo a pamipando, mizere ya chipewa, maluwa okongoletsera, kapena mwana amene akuphunzira kuluka, n'zokwanira. Koma tambiri tilibe kapepala. Sudziwa kutalika kwake, sudziwa ngati usuluka, ndipo nthawi zina pakati pa kampukutu umapezamo mfundo zitatu zinayi. Musanalukire munthu chinthu chofiira ndi choyera, nyowetsani kachidutswa ka wofiirayo mukatikite pa nsalu yoyera. Juzi ya munthu wamkulu, imene imafuna magalamu 500 kapena kuposa, ine sindingaiyambe ndi timipukutu totere.

Tsono kaunjika. Apa ndiye pamene mtima wanga uli, ngakhale ndi ntchito yotopetsa. Ubweya weniweni wa nkhosa ine sindinaupezepo wotsika mtengo m'sitolo, koma pamulu wa majuzi umakhalapo, makamaka nyengo yotentha pamene palibe amene akuwayang'ana. Mwezi wa Okutobala ogulitsa amachita kukunyengerera. Juzi yaikulu ya bambo, yoipa maonekedwe, ya manja ataliatali imene aliyense akuiponyera pambali, kwa woluka ndi theka la kilogalamu ya ulusi.

Koma si juzi iliyonse imene imasomoka. Itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Ukakhala wopotedwa ndi makina, wokhala ndi ulusi wambiri wozungulira m'mphepete ngati wa mkati mwa tisheti, isiyeni. Imeneyo inachita kudulidwa ndi lumo pansalu yolukaluka, ndipo mukaisomola mupeza tizidutswa ta mzere umodzi umodzi. Yabwino ndi ija mbali ziwiri zimangokumana bwinobwino, zolumikizidwa ndi ulusi umodzi wooneka ngati katcheni. Mukapeza nsonga yoyenera ya katcheniko n'kukoka, msoko wonse umatseguka ngati thumba la feteleza. Onaninso kuti masitichi akuoneka limodzi limodzi. Ngati anagwirana mpaka juzi ikuoneka ngati bulangete, ndiye kuti wina anaichapa ndi madzi otentha, ndipo imeneyo sisomokanso. Tizibowo tating'ono apa ndi apo ndi ntchito ya njenjete. Ulusi wake uziduka mkono uliwonse. Yowonda kwambiri ngati ulusi wosokera nayonso ndi yongotayirapo nthawi, pokhapokha mutaphatikiza nsonga ziwiri kapena zitatu.

Kusomola kumayambira kumtunda, kukhosi ndi m'mapewa, kutsika m'munsi. Ulusi umatuluka wopiringizika ngati tsitsi lomasula kumene. Azakhali anga, amene anandiphunzitsa kuluka ndi masipoko a njinga onoledwa pamwala, ankaukulunga kumsana kwa mpando, n'kumanga m'malo anayi ndi tizingwe kuti usasokonezeke, kenako n'kuunyika m'madzi ofunda pang'ono a sopo osautikita. Ankauyanika pamthunzi atapachikako kapu kumunsi kuti uwongoke. "Mwana wanga," ankatero, "ukaluka usanachape, juzi yako idzakula yokha pa tsiku loyamba kuichapa." Acrylic wosomola sawongoka ndi madzi okha, amafuna nthunzi ya ketulo, koma osamukhudzitsa simbi, amafa n'kukhala lende.

Muwerengere masiku awiri kapena atatu ntchito yonseyi. Ngati mumaluka zogulitsa ndipo oda yakupanikizani, kaunjika si njira yanu. Ngati mukulukira agogo a ku Dedza kapena ku Mzuzu, kumene Juni ndi Julayi amalowa mpaka m'mafupa, palibe acrylic amene angafanane ndi ubweya. Umafunda ngakhale utanyowa pang'ono ndi mawawa, ndipo susunga fungo la thukuta msanga.

Nanga wa khanda? Apa anzanga ambiri timasiyana maganizo. Ine ndimafunsa kaye kuti azichapa ndani. Zovala za khanda zimachapidwa tsiku ndi tsiku, m'beseni, ndi sopo wa mtanda, kutikita ndi kufinya, nthawi zina ndi mtsikana wothandiza amene sanauzidwe kanthu. Ubweya wa nkhosa sungapirire zimenezo, kajuzi ka miyezi isanu ndi umodzi kamasanduka ka chidole, komanso wina umayabwa pakhungu lanthete. Acrylic wofewa wa m'sitolo amapirira, amauma msanga ngakhale kuli mitambo, njenjete sizimudya. Choncho wa khanda ndimagula m'sitolo, ndipo ndimayamba ndaugunditsa pakhosi panga, osati m'manja, poti manja athu anazolowera zokhakhala. Chokhacho, ndimawauza amayi ake mosapita m'mbali: shawelo imeneyi isayandikire mbaula kapena kandulo. Acrylic akagwira moto amasungunuka n'kumata pakhungu. M'nyumba zimene anthu amawotha makala usiku wonse, zimenezi si zoiwala.

Wa thonje ndi wabwino pa zovala za nyengo yotentha, zikwama ndi tinsalu ta patebulo. Umalemera, umachedwa kuuma, ndipo juzi yake imatamuka n'kutsika. N'zomvetsa chisoni kuti thonje timalima tokha ku Balaka, ku Salima ndi ku Chikwawa, koma mpukutu umene ndimaupeza pashelefu umakhala wolembedwa dziko lina.

Pa singano, msampha uli pa manambala. Zakale zija tinalandira kwa amayi athu zili ndi manambala a ku Britain, amene amayenda chobwerera: nambala 8 ndi 4mm, nambala 10 ndi 3.25mm, nambala ikamakula singano ikuchepa. Za ku America zimayenda mwina: nambala 8 yawo ndi 5mm, ndipo 4mm ndi nambala 6. Mukatenga patani pa YouTube kapena pa Facebook n'kumva "nambala 8", musathamangire m'chikwama cha amayi, funani mamilimita. Zachitsulo zimaterera bwino ndipo sizitha, zansungwi zimagwira ulusi moti wophunzira masitichi samuthawa, zapulasitiki zowonda zimapindika ndipo mwana akakhalira imodzi, basi kwatha. Ndikanati ndiyambirenso lero ndi ndalama zochepa, ndikanagula zachitsulo za 4mm, kakolosheti kamodzi kotolera masitichi ogwa, ndi singano yobuntha ya diso lalikulu yolumikizira.

Panopa pampando wanga pali juzi yotuwa ya bambo imene ndinaipeza pamulu mwezi watha, kapepala ka pakhosi kakuti ubweya wa nkhosa 100 peresenti. Manja onse awiri ndasomola kale, atuluka mipukutu inayi. Kumsana kuli kabowo kamodzi pafupi ndi phewa, ndiye pamenepo ndilumikiza.