Flexplate yowotcherera ndi yosintha pa injini ya 1NZ: zomwe zaoneka patatha miyezi 10

Papita miyezi 10 chikonzereni ma Toyota Sienta awiri a otomatiki, onse a injini ya 1NZ-FE, omwe anali ndi vuto limodzi: phokoso la ke-ke-ke pakati pa injini ndi giyabokosi, lomveka kwambiri galimoto ikamalira itaima, n'kumasintha mukaponya giya ya D. Ambiri akamva zotere amathamangira kunena kuti ma bearing atha, koma anali ma flexplate, mbale zachitsulo zolumikiza injini ndi giyabokosi pa galimoto ya otomatiki, atachita mng'alu mozungulira mabawuti apakati. Pa galimoto ina flexplate inawotchereredwa chifukwa ndalama zinali zochepa. Pa inayo panaikidwa ina yochokera pa injini yophwasula.

Yowotcherera ija sinathe miyezi 3. Mng'alu watsopano unatulukira m'mbali mwenimweni mwa powotcherapo, sitata inayamba kukukuta mano a ring gear (mano ozungulira m'mphepete mwa flexplate), ndipo oyilo wa giyabokosi anayamba kudontha pa seal yakutsogolo. Chifukwa chake n'chakuti flexplate si flywheel. Flywheel ya galimoto ya manual ndi chitsulo chochindikala, cholemera, pomwe kilatchi imagwira. Pa otomatiki kulemerako kuli mu torque converter, chitsulo chodzaza oyilo chomwe chimagwira ntchito ya kilatchi, choncho flexplate ndi mbale yopyapyala yopangidwa kuti izipindika pang'ono converter ikamakankha kutsogolo. Moto wowotcherera umaumitsa pamalo pofunika kufewa, n'kukhotetsa mbale yonse. Mwini galimoto analipira kawiri kutsitsa giyabokosi, ndipo zimenezi n'zomvetsa chisoni kwa munthu wodalira taxi.

Inayo mpaka lero ili zii, ndipo chayisunga ndi kamangidwe. Potsitsa giyabokosi zinapezeka kuti dowel pin imodzi, mwa tizitsulo tiwiri towongola giyabokosi pa injini, panalibe. Popanda kachitsulo kameneka giyabokosi imakhala mopendekeka pang'ono, mbale n'kumapindika nthawi iliyonse ikazungulira. Mukapanda kuibwezera, ngakhale flexplate yatsopano idzang'aluka. Ma spacer, tizitsulo tokhala mbali zonse ziwiri za mbale, abwerere momwe analili. Mabawuti apakati apakidwe thread lock (guluu wa mabawuti), amangidwe modumphadumpha ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), osati ndi paipi. Converter ikankhidwe uku mukuizunguza mpaka italowa yonse mu pampu ya oyilo wa giyabokosi. Giyabokosi ikakhala pamalo pake, converter izizungulira ndi dzanja, ndipo pakhale kampata ka mamilimita ochepa musanaikokere ku mbale. Kukoka giyabokosi ndi mabawuti converter isanalowe kumaswa pampu.

Apa tichenjezenso oika injini ya otomatiki m'galimoto ya manual: mabawuti a flexplate ndi aafupi, sangamange flywheel.

Pogula flexplate yakale, itsukeni ndi palafini pompo, muyang'ane pa dzuwa bowo lililonse la bawuti ndi mano onse. Kenako ikolowekeni pa waya n'kuigogoda ndi sipanala. Yabwino imalira ngati belu, yong'aluka imangoti phu.