Foca ya nyenyezi ziwiri: kamera ya Afalansa yokana kubwereka za Leica

Kamera ya Foca PF2B imalemera kuposa mmene imaonekera. Ukaigwira m'manja umangomva chitsulo chokhachokha, ndipo kutsogolo kwake anazokotako tinyenyezi tiwiri. Tinyenyezito nditi tinkasiyanitsa mitundu. Ya nyenyezi imodzi inalibe chopimira mtunda, ya ziwiri ndi iyi, pomwe ya zitatu, PF3, anaiwonjezera liwiro lapang'onopang'ono la shatala, kachitseko kolowetsa kuwala pa filimu. Yanga ndinaipeza pa msika wa zinthu zakale kuno ku France, ili ndi lenzi yake ya Oplar 50mm f/3.5.

Amene ankapanga makamerawa ndi kampani ya Optique et Précision de Levallois, mwachidule OPL, yomwe Armand de Gramont anaiyambitsa mu 1919 ku Levallois-Perret, m'mphepete mwa Paris. Poyamba sankaganiza za ojambula zithunzi. Ntchito yawo inali ya magalasi ndi zida zopimira mtunda za asilikali, makamaka apamadzi. Maganizo opanga kamera yaing'ono ya filimu ya 35mm anabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanayambe, nkhondoyo n'kuwachedwetsa, mpaka Foca yoyamba inatuluka mu 1945. Nthawi imeneyo boma la France linkapanikiza katundu wochokera kunja, choncho Leica ndi Contax za ku Germany zinali zosowa ndiponso zodula. Foca inapeza msika wopanda mnzake. Makamera ambiri ankapangidwira ku fakitale ya ku Châteaudun.

Anthu amakonda kuitchula kuti ndi Leica ya Afalansa. Ine dzinali sindigwirizana nalo, chifukwa pali zinthu ziwiri zimene Foca inachita bwino kuposa Leica za zaka zimenezo. Choyamba ndi kawindo koyang'anira. Pa Leica zakale umayamba wasuzumira pa kawindo kena kuti upime mtunda, kenako n'kusamutsira diso pa kena kuti uone chithunzi chonse. Pa Foca, zonse ziwirizi zili pa kawindo kamodzi. Umaona kachigamba pakati, n'kumapotoza lenzi mpaka mithunzi iwiri itakumana, basi wadina. Leica inadzachita zimenezi mu 1954 pa M3. Chachiwiri ndi kuika filimu. Msana wonse wa Foca umachoka, umaona bwinobwino kuti mano agwira filimu, osati zolowetsa chapansi mongopapasa ayi.

Komatu kawindoko n'kakang'ono zedi. Ife ovala magalasi timavutika kuona m'makona, ndipo kukayamba kuda kachigamba kaja kamazilala. Liwiro la shatala limayambira pa 1/25 kufika 1/1000 ya sekondi, ndiye m'nyumba madzulo ingoiwalani, pokhapokha mutaikhazika pa thebulo n'kugwiritsa B, yomwe imasiya shatala yotsegula nthawi yonse imene mwadina batani. Lenzi yake ndi yolowa m'kati kuti kamera ikwane m'thumba la jekete, ndipo imafunika kuikoka n'kuikhoma musanajambule. Mukaiwala, zithunzi zonse zituluka mbuu.

Filimu yakuda ndi yoyera imene ndinatsukitsa inandisangalatsa. Pakati pa chithunzi Oplar imagwira bwino, moti pa chithunzi cha mayi wina wogulitsa tchizi ulusi wa juzi yake umaoneka umodziumodzi. M'mbali imafewa pang'ono ukaitsegula yonse, koma ukachepetsa bowo lolowera kuwala kufika pa f/8 palibe chodandaula. Dzuwa likakhala kutsogolo chithunzi chimayererako, monga zimakhalira ndi malenzi ambiri a zaka zimenezo.

Pamene pamandipweteka mutu ndi pomangira lenzi. Leica inkagwiritsa mazinga a 39mm, ndipo makampani ambiri, a ku Japan ndi a ku Soviet Union omwe, anatsatira muyezo womwewo. OPL inasankha 36mm, yakeyake. Zotsatira zake n'zakuti lenzi za Canon, Jupiter kapena Leitz zimene zili mbwee pa intaneti sizilowa pa Foca. Uyenera kusaka za Foca zokhazokha, ndipo ngakhale utazipeza, pa PF2B lenzi ya 50mm yokha ndi imene imayendera limodzi ndi chopimira mtunda. Vuto lachiwirili analikonza pa Foca Universel ya mu 1949, koma nayonso anaipatsa pomangira pake pa yokha.

Kudzidalira kumeneku kunkayenda malire ali otseka. Pangano la Rome la mu 1957 litayamba kutsegula msika wa mayiko a ku Ulaya, makamera a ku Germany analowa mosavuta, kenako a ku Japan anafika ndi mitengo yotsika. OPL inayesetsa. Inali itatulutsa kale Focasport yotchipa ya anthu wamba mu 1955, kenako inabweretsa Focaflex ya maonekedwe achilendo, yopanda linunda pamwamba. Sizinathandize. Mu 1964 kampaniyo inaphatikizana ndi SOM-Berthiot n'kukhala SOPELEM, ndipo posakhalitsa kupanga makamera kunatha.

Ndiye wofuna kugula adziwiretu kuti zipangizo zatsopano kulibe. Chotsani msana, muunike nsalu ya shatala ndi tochi ya foni muli m'chipinda cha mdima. Nsaluyi ili ndi mphira womwe umauma ndi ukalamba, ndipo mukaona timadontho ta kuwala ndiye kuti filimu yanu idzadzaza mawanga. Muunikenso lenzi, makamaka Oplarex f/1.9 yomwe imadziwika ndi kuchita chifunga m'kati. Yanga inafunika kusintha nsalu, ndipo mmisiri amene anavomera ntchitoyo analipiritsa ndalama zoposa zimene ndinagulira kamerayo.

Kwa munthu amene akungoyamba kumene za filimu, Pentax kapena Olympus yakale imuchitira bwino, ndipo okonza ake sasowa. Foca ndi ya amene ali kale ndi kamera ina yodalirika, wokhutira ndi lenzi imodzi ya 50mm, komanso wodziwa kumene angakaikonzetse. Ndikanati ndigulenso lero, ndikanawonjezera ndalama n'kutenga Universel.