Miyezi 8 chimupatsireni mwana foni ya makatuni, nazi zomwe ndaona

Mwezi wa Febuluwale ndinatenga foni yakale ya bambo ake, ija yosweka pakona, ndikuchotsamo SIM, ndikugula memole kadi pa Kasungu boma pompano kuti ikhale ya makatuni a mwana basi. Nthawi imeneyo anali ndi zaka 2 ndi miyezi 10, pano ali ndi zitatu ndi theka. Azimayi anzanga a ku mkombaphala akhala akundifunsa kuti zikuyenda bwanji ndiye ndati ndingolemba zonse, zabwino ndi zomwe ndinalakwitsa zomwe.

Chomwe chinandipangitsa ndi chakuti poyamba ndinkangomupatsa foni yanga ndikamaphika, ali pa YouTube, ndiye mukudziwa vidiyo ikatha ina imangoyamba yokha, tsiku lina ndikubwera kuchokera kukhitchini ndinapeza akuonera chinthu chamaso ofiira chikuthamangitsa ana, iye ali duu osaphethira, bandulo nayo yathera pomwepo. Mtima unandipweteka kwambiri.

Kulakwitsa kwanga koyamba kunali kobenetsa. Ndinangomuuza mnyamata wobena uja kuti achimwene ndiikireni za ana, iye ndikudzadza kadi yonse. Sikuti anachita dala ayi, kwa iye katuni iliyonse ndi ya ana. Koma munali zomenyana, zokuwa, zina zithunzi zikusintha mothamanga ngati mphezi moti ine wamkulu mutu unkandizungulira. Sabata isanathe mwana anayamba kudzidzimuka usiku, komanso anamumenya msuweni wake ndi chipande uku akukuwa ngati mmene amakuwira mu katunimo. Ndinakhala pansi mausiku atatu ana atagona, kuonera imodzi imodzi ndikumafufuta. Pa zonse zija zinatsala 14 zokha.

Zomwe ndinasiya ndi zoyenda pang'onopang'ono, zomwe munthu wa mu katuni amafunsa funso ndikudikira kaye kuti mwana ayankhe. Zambiri mwa izo ndi Akili and Me, yomwe amapanga a Ubongo aku Tanzania. Ndi ya kamtsikana ka zaka 4 kokhala kutsinde kwa phiri la Kilimanjaro, amaphunzitsa kuwerenga manambala, zilembo, mitundu ndi kukhala bwino ndi anzako. Anaipangira ana a zaka 3 mpaka 6 ndiye poyamba zina zinkamupitirira, koma pano akutsatira. Ndimaikonda chifukwa mwana akuona kamtsikana kakuda ngati iye yemwe. Tsiku lina ndikudula tomato wa ndiwo anabwera ndikuyamba kumuloza ndi kachala, one, two, three, mpaka six osalumpha, kenako ndikundiyang'ana kuti ndimuombere m'manja. Ndinaomba ndithu, mpeni ndinayamba ndauyika kaye pansi.

Koma zomwe tinapeza ife zinali za Chingerezi, ndiye agogo ake atabwera kuchokera ku Chamama sanasangalale. Anati, "Iwe, mwanayu aziwerenga Chizungu pomwe nthano ya kalulu sayidziwa?" Ananena zoona. Madzulo omwewo ndinawajambula pa foni yomweyo atakhala pamphasa akuyamba padangotero, ife tikuvomera tili tonse, nthano zitatu. Ndikuuzeni, palibe katuni yomwe imaposa mavidiyo atatu amenewo mnyumba muno. Amawabwereza mpaka amayankha tili tonse yekha pamalo pake penipeni, ndipo akamaliza amakafotokozera chidole chake. Ndinajambulanso mbuzi ndi nkhuku zakumudzi, nazo amazikonda.

Za nthawi ndiye pamene pali nkhondo. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anatulutsa malangizo mu 2019 oti mwana wosakwana zaka 2 asamakhalitsidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kucheperako ndi bwino koposa. Amatinso ana amisinkhu iyi azisewera moyendayenda mphindi 180 patsiku. Ife tinagwirizana mphindi 30 mpaka 40, akasamba masana, osati pakudya komanso osati akamakagona chifukwa ndinaona kuti akaonera usiku amachedwa kugona ndipo amangotembenuka pamphasa. Masabata awiri oyamba kulanda foni kunali kulira kogubuduka pansi mpaka aneba kusuzumira. Chomwe chinathandiza ndikumuuziratu kuti yatsala imodzi, ikatha uzimitsa wekha, ndiye akadina yekha batani amamva ngati wamkulu. Foni imakhala pa airplane mode, ndipo mu setting za Android muli app pinning yomwe imatseka kuti asatuluke mu vidiyo kupita kwina, inandithandiza kwambiri atandifufutira zithunzi kawiri.

Sindinama kuti ndakhala ndikutsata bwino miyezi yonseyi. Nthawi yosankha fodya tinatanganidwa kwambiri pa shedi ndipo ndinkangomusiyira foni maola awiri atatu kuti asandisokoneze. Anasintha ndithu, kukwiya msanga, anzake akamuitana kukasewera masanje kukana, phala kudya mokakamiza. Zinanditengera sabata yathunthu kuti tibwerere mwakale ndipo ndimadandaulabe nazo.

China chomwe ndaona ndi chakuti vidiyo yomweyo akaonera yekha amangoti duu, koma ndikakhala naye pambali ngakhale ndikusankha nyemba, ndikumamufunsa kuti uyu ndani, akutani, amayankhula kwambiri ndipo mawu ake amawagwiritsa ntchito mawa lake. Ndiye masiku ano ndimayesetsa kuti nthawi ya makatuni ndikhale pafupi.

Chikundivuta pano ndi mng'ono wake wa miyezi 10. Iyeyu sitimuonetsa, koma akangomva kanyimbo amapotoza khosi ali kumbuyo kwangaku, ndiye ndimachita kukhala chomufulatitsa kapena kumupatsa bambo ake atuluke naye panja.

Foniyo batire yatopa, imafuna kutchaja tsiku lililonse ndipo magetsi akazima ndiye kulibe makatuni tsiku limenelo, amakasewera ndi anzake osadandaula nkomwe. Yatsopano sindigula, iyi ikukwanira. Amene ali ndi mwana wopitirira zaka 2 njira ya memole kadiyi ndingamulimbikitse, bola ayambe waonera yekha chilichonse asanamupatse mwana. Loweruka tikupita ku Chamama, agogo ake alonjeza nthano ya fisi ndi ina ya kamba, ndayamba kale kufufuta zina kuti malo apezeke pa kadi.