Situdiyo, nyumba yobwereka kapena panja: tijambulire kuti muno mu Lilongwe?

Mnyamata wina amene wangoyamba kumene ntchito yathuyi yojambula mapulogalamu a pa kanema anandiimitsa ku Old Town sabata yatha, pepala lili m'manja. Wapeza omulipirira pulogalamu ya mphindi 30, magawo 13, yocheza ndi achinyamata a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo wailesi ya kanema ina yamupatsa mpata. "Akuluakulu, ndijambulire kuti? A situdiyo akutchula ndalama zoopsa. Azakhali anga ali ndi nyumba yabwino ku Area 47, komanso anzanga akuti panja m'paulere." Tinali pamsewu, ndiye ndinamuyankha mwachidule. Pano ndikufuna nditambasule, poti funsoli limabwerabwera.

Ambirife timasankha malo ndi maso. Tikalowa pabalaza n'kuona mipando yachikopa ndi makatani olemera, mtima wagwa pompo. Koma pa zaka zimene ndasenza matiraipodi mumzinda muno, zondiphera masiku zakhala ziwiri: phokoso ndi magetsi. Chithunzi chikada pang'ono woonera amapirira. Mawu akamamveka ngati munthu akulankhulira m'chidebe, amagwira rimoti.

Nkhani ya situdiyo ndi yaifupi. Chimene mukulipira kwenikweni ndi chitseko chotseka. Zipupa zake sizibweza mawu, malaiti ali kale m'mwamba, ndipo ngati muli makamera atatu olumikizidwa ku makina osinthira zithunzi, gawo limatuluka litatsala pang'ono kupsa, ntchito ya pa kompyuta n'kuchepa. Mukakonzekera bwino mutha kujambula magawo atatu kapena anayi tsiku limodzi, woulutsa n'kumangosintha malaya. Magawo 13 aja atha m'masiku anayi, thiransipoti ndi nkhomaliro ya anyamata n'kulipira kanayi kokha.

Kungoti masitudiyo otere kuno ndi owerengeka. Kanema wa dziko lino anabadwira ku Blantyre, pomwe TVM (Television Malawi) inayamba kuulutsa mu 1999, ndipo Times nayo kwawo n'komweko. Zodiak ndiyo likulu lake lili kuno, koma paliponse situdiyo ya wailesi imakhala ndi nkhani komanso mapulogalamu akeake oyenera kuyamba kaye. Otsala ndi masitudiyo a anthu wamba, ndipo ambiri anamangidwira oimba: kachipinda kothina, denga lotsika, kamera yosowa pobwerera m'mbuyo. Musanapereke dipoziti funsani ngati jenereta ilipo ndiponso kuti ili kutali bwanji ndi chipupa. Funsaninso kuti ola lawo limayamba kuwerengedwa liti, polowa pakhomo kapena poyatsa kamera. Ine ndinalipirapo maola awiri a kudikira mlendo amene anatsekeredwa pamsewu wochokera ku Kanengo. Ndipo mu October, kutentha kuja, choziziritsa mpweya chimayenera kuzimitsidwa pojambula poti maiki imachitola, ndiye muzikhala ndi kansalu kopukutira thukuta la mlendo.

Chimene sindiikondera situdiyo n'chakuti imaumitsa anthu. Mtsikana amene pa benchi yake ya tomato ku Area 25 amalankhula mpaka ogula kuseka, mukamukhazika pa sofa pansi pa malaiti amasanduka mwana wa sukulu pamaso pa ahedi. "Eya." "Ayi." Basi.

Nyumba yobwereka ndiye msampha weniweni, chifukwa imaoneka yotchipa kuposa zonse. Pa sewero simungaithawe, banja la m'sewero liyenera kukhala ndi khitchini ndi khonde. Koma mwini nyumba akamavomera amaganiza za anthu atatu ndi kamera imodzi kwa ola limodzi. Sadziwa kuti kukubwera anthu khumi ndi awiri, zingwe pansi ponseponse, mipando kusunthidwa, ana ake kuuzidwa kuti akhale chete m'nyumba mwawo momwe.

Tsiku lina tikujambula ku Area 49, wa mawu anavula mahedifoni n'kunena kuti pali chinachake chikung'ung'udza. Tinafufuza, n'kupeza kuti ndi firiji. Tinaizimitsa, ntchito inayenda bwino, madzulo tinalongedza n'kumapita. M'mawa mwake foni inalira. "Mwana wanga, nyama ija ndinasungira alendo a chinkhoswe mwaitani?" Ndinangoti, "Pepani amayi, talakwa ndife," n'kupita kukagula ina ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Chichokereni tsiku limenelo, tikazimitsa firiji ya eni ake makiyi a galimoto timawaika m'kati mwake. Palibe amene angachoke osaitsegula.

Firiji ndi yaing'ono. Nyumba ya malata yopanda siling'i, mvula ikangoyamba, ntchito yaima, ndipo kuyambira November mpaka April mvula ya masana siipempha chilolezo. Nyumba yamakono ya matailosi ndi zipupa zosalala imabweza mawu ngati tchalitchi chopanda anthu, mpaka tinazolowera kuyenda ndi mabulangete oyala pansi ndi kupachika kuseri kwa kamera. Kunja kwa mpanda nako kuli eni ake: tambala wa aneba, chigayo, wowotcherera zitsulo, kabaza wa njinga yamoto, sipika ya mapemphero a masana, ana oweruka kusukulu. Zonsezi simungazimve mukapita kukaona nyumbayo Lamlungu madzulo mukumwa tiyi ndi azakhali. Pitani tsiku ndi ola lomwelo limene mudzajambule, mukhale chete mphindi khumi mutavala mahedifoni.

Ndiye pali maliro. Tinafikapo m'dera lina m'mawa, zonse zili m'galimoto, n'kupeza masamba ayalidwa pamsewu nyumba yachitatu kuchokera pomwe timajambula. Gawo la tsikulo linali la phwando, nyimbo ndi kuseka. Palibe anachita kufunsa mnzake. Tinatsika, tinakapepesa, tinaponya kangachepe m'mbale, n'kubwerera. Galimoto tinali talipira kale, azisudzo tinawapatsa ya thiransipoti, tsiku linapita.

Kuwala kwa m'nyumba nako kumavuta mwakachetechete. Kwa pawindo kumakhala koyera mopita ku buluu, cha m'ma 5600K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, pomwe mababu achikasu aja ali cha m'ma 2700K mpaka 3200K, ndipo mukazisakaniza nkhope imatuluka mbali ina yotuwa mbali ina yofiira. Dzuwa likamayenda, chithunzi cha 9 koloko sichigwirizana ndi cha 2 koloko ngakhale munthu sanasunthe pampando. Apa ndikumbutseko achinyamata amene amatengera makonzedwe a kamera kwa anthu a ku America pa YouTube: magetsi athu ndi a 50Hz ndipo kanema wathu amayenda pa mafelemu (zithunzi) 25 pa sekondi. Mukaika 30 kapena 60 pansi pa mababu a m'nyumba, chithunzi chimaphethira kapena kuyenda mizere. Ikani 25, shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) pa 1/50.

Za magetsi, situdiyo ndi nyumba zimasiyana pa funso lakuti akazima mutu ukuwawa ndani. Tonse tikukumbuka 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu January n'kuchotsa magetsi okwana pafupifupi mamegawati 130, mmene tinkajambulira moyang'ana ndandanda ya kuzima kwa magetsi. Nthawi imeneyo ndi imene inatisiyitsa malaiti akale otentha aja. Limodzi limadya mawati 800, atatu 2,400, osayaka popanda jenereta yaikulu. A LED atatu a mawati 100 ndi 300 basi. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi mawati 1,200 a ola limodzi, koma la asidi simulikama kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye ndi inverter, chipangizo chosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa m'nyumba, muli ndi maola awiri osakwana bwino. Mabatire awiri akukwanirani kucheza kwa gawo limodzi mopanda phokoso. Jenereta imapirira tsiku lonse, koma imafuna chingwe chachitali kuti ikabisale kuseri kwa mpanda, ndipo imafuna petulo, amene masiku ena amayamba wakugoneka pamzere. M'nyumba ya eni, musaiwalenso kuwagulira mayunitsi musanayatse kanthu. Ndi ulemu, komanso mita ikalira pakati pa zokambirana manyazi ake ndi anu.

Panja ndi pomwe pali moyo, izi sinditsutsa. Mnyamata wokonza mafoni mumsika, mayi wa chiwaya ku Biwi, kalipentala wa ku Mchesi ali pakati pa mipando yake, amenewa akamalankhula manja ali pantchito mumapeza pulogalamu imene situdiyo singakupatseni. Kuwala n'kwaulere. Koma walira mvula walira matope. Dzuwa labwino ndi la m'mawa mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako kuyambira 3 koloko. Masana limakhala pamutu, maso a munthu n'kusanduka maenje akuda. Mu June limalowa cha m'ma 5:30 ndipo mdima suchedwa. August ndi September ndi mphepo ndi fumbi: maiki yopanda chovala chake chaubweya imangoti phuu phuu, ndipo kusintha lenzi pamtetete n'kuitanira fumbi m'kamera. Maiki ya pandodo imene m'nyumba imagwira bwino, mumsika imatola msika wonse. Pamenepo kamaiki kapakolala, kotalikirana ndi kamwa ngati chikhatho chimodzi, ndiko kamapulumutsa.

"Paulere" paja ndi bodza. Safunsa anadya phula. Mumsika mumayamba mwaonana ndi akuluakulu a msika, ndipo malo a khonsolo amafuna kalata. M'madera ngati Chinsapo kapena Kauma mumadzera kwa amfumu, osangotulukira ndi makamera ngati mwagwa kumwamba. Ku Nyumba ya Malamulo, ku Capital Hill, ku bwalo la ndege la Kamuzu ndi kumalo a asilikali musayerekeze kutulutsa kamera, makamaka drone, popanda chilolezo cholembedwa. Kenako pali gulu. Kamera ikangoima, ana amadzaza kumbuyo kwa mlendo, wina akuvina, wina akuimbira foni kwawo kuti amuone pa TV. Pamafunika munthu mmodzi wodziwika m'deralo woti azilankhula ndi anthu ndi kuyang'anira zikwama, ndipo ameneyo ndi wolipidwa. Nyimbo imene ikulira m'shopu yoyandikana ikalowa m'pulogalamu yanu, dziwani kuti ili ndi mwini wake, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, ilipo chifukwa cha zomwezo. Kapempheni achepetse wailesi, muwagulireko ka Fanta.

Mzinda wathunso ndi wotambalala. Malo atatu pa tsiku, wina ku Likuni, wina ku Area 25, wina ku Kawale, papepala zimaoneka zotheka, koma theka la tsiku limathera m'galimoto. Ine ndimaika awiri, oyandikana, ndipo gulu lojambula panja silipitirira anthu anayi okwana m'galimoto imodzi ndi katundu yemwe.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti pa pulogalamu yakeyo nyumba ya azakhali ndi yomaliza pa zitatuzi. Ilibe bata la situdiyo, ilibenso moyo wa pamsika, ndipo magawo 13 ndi ambiri moti chibale chikhoza kuzilala pofika gawo lachisanu. Mawu otsegulira ndi otsekera a woulutsa, a magawo onse, akajambule mu situdiyo tsiku limodzi. Alendo akawapeze komwe amagwira ntchito, m'mawa, ndi kamera imodzi kapena ziwiri, kamaiki kapakolala ndi chobwezera kuwala. Iye anaseka, amvekere, "Akuluakulu, si mapanga awiri avumbwitsa amenewo?" Ndinati awerengere yekha: tsiku limodzi la situdiyo ndi m'mawa 13 wa anthu anayi, kuyerekeza ndi masiku 13 a gulu lonse pabalaza pa eni ake.

Sanakhutire, ndiye anatenga mahedifoni anga n'kupita kwa azakhaliwo Loweruka masana, tsiku lokhalo limene anyamata ake amapezeka onse. Cha m'ma 3 koloko ananditumizira mawu pa WhatsApp, osalankhula kanthu, angoimika foni pawindo. Ku Bingu Stadium kunali mpira, ndipo mavuvuzela ankamveka ngati akuimbidwira pakhonde.