QGIS, Google Earth Engine kapena GRACE: n'chiti chothandiza posaka malo a mjigo?

Anzanga osaka malo a mijigo, tiyambe ndi GRACE kuti tithane nayo msanga. GRACE ndi masetilaiti awiri amene anapita kumwamba mu 2002, anasiya ntchito mu 2017, ndipo ena awiri otchedwa GRACE-FO analowa m'malo mwawo mu 2018. Amayeza kusintha kwa mphamvu yokoka ya dziko n'kutiuza ngati madzi osungika m'dera akuchuluka kapena akuchepa. Koma amaona dera la makilomita pafupifupi 300 ngati chinthu chimodzi, ndiye kwa dziko lowonda ngati Malawi, nyanja ndi mtunda zimasakanikirana. Amfumu akafunsa poti galimoto yoboola iime, GRACE ilibe yankho.

Mpikisano weniweni uli pakati pa QGIS ndi Google Earth Engine, mapulogalamu a pakompyuta ounikira zithunzi za masetilaiti ndi kupangira mapu. Zithunzi n'zomwezo: za setilaiti ya Sentinel-2 (kadontho kalikonse pa chithunzi ndi mamita 10), za Landsat (mamita 30), ndi mapu a SRTM oonetsa zitunda ndi zigwa. Kusiyana kuli pa kumene ntchitoyo ikugwiridwira.

Pa Earth Engine zonse zimachitikira pa makompyuta a Google. Ndi mizere yochepa ya JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, mutha kusanjikiza zithunzi za Seputembala ndi Okutobala za zaka zingapo, n'kuwonjezapo kaundula wa mvula wotchedwa CHIRPS woyambira 1981. Apa ndi pomwe ndimaikondera. M'chilimwe tchire likapsa, mumaona kamzere kobiriwira ka mikuyu katadutsa pamalo ouma. Kakabwera chaka chimodzi chokha, mwina ndi dimba la munthu wothirira ndi ndowa. Kakamabwera chaka ndi chaka, ngakhale chaka cha chilala ngati 2016, pansipo mwina pali mng'alu wa thanthwe wosunga madzi. Tsoka lake, netiweki ikathawa, ntchito yaima.

QGIS ndi yaulere ndipo sifuna intaneti nthawi zonse. Mumatsitsa zithunzi kamodzi muli m'tauni (konzekerani bandulo, Sentinel-2 imadya), kenako laputopu m'chikwama ulendo wa kumudzi. Ming'alu mumaijambula ndi dzanja pa mapu a mthunzi wa zitunda, ndipo diso limaphunzira. Ine ndinajambulapo mzere wowongoka bwino, ndikusangalala, koma nditafika pamalopo ndinapeza mabulugamu obzalidwa m'malire a munda.

Mukandifunsa, ndinganene kuti pa boma lonse tengani Earth Engine, pa mudzi umodzi QGIS yakwana.

Zonse ziwirizi zimaona pamwamba pokha. Ku zigwa za Lilongwe ndi Kasungu madzi ambiri amakhala m'thanthwe lofumbutuka lomwe lili pamwamba pa thanthwe lolimba, ndipo dothi lokhuthala limabisa ming'alu. Ku Chikwawa ndi Nsanje vuto ndi lina: madzi mutha kuwapeza, koma m'malo ena ndi amchere, osamweka ngakhale kuphikira nyemba, ndipo setilaiti silawa madzi. N'chifukwa chake mapu akakupatsani malo atatu, pitani ndi makina a resistivity, oyeza mmene nthaka ikudutsitsira magetsi, khomani zitsulo zake pansi, muyeze malo onse atatu. Nawonso makinawa amasokoneza dongo ndi madzi amchere, poti zonse zimadutsitsa magetsi mosavuta. Musanaitane oboola, kaimeni pa mjigo wakale wa pafupi, mulawe madzi ake, ndipo mufunse amayi otunga ngati umaphwa mu Novembala mvula isanagwe.